Mabotolo a Chiponde ndi Timizere ta Mfumu Sindilakwa

Ufumu wa Tokhatokha suvuta kuupeza pa mapu, malinga mapuwo akhale osindikizidwa ku Tokhatokha komweko. Pa mapu amenewo ufumuwu umadzaza tsamba lonse, ndipo maiko ena amaoneka m'mphepete ngati nyerere zimene zamva fungo la shuga. Likulu lake ndi Ndanenakale. Mfumu yake ndi Sindilakwa Wachiwiri. Woyamba uja anamira powoloka mtsinje umene iye mwini anali atalamula kuti uphwe.

Nkhani yathu ndi ya mabotolo mazana asanu ndi limodzi a chiponde, koma monga zonse za ku Tokhatokha, iyenera kuyambira kwa Mfumu.

Chaka chimenecho Mfumu inapita ku msonkhano wa mafumu m'dziko loyandikana nalo la Kwaeni. Tsiku lachiwiri nsapato zake zinachita fumbi, ndipo poti mkulu wopukuta nsapato anali atatsalira pa chipata chifukwa cha mapepala, Mfumu inalowa yokha m'sitolo, koyamba chibadwire. Inatenga kachitini ka polishi wakuda. Mayi wogulitsa anakatembenuza, n'kuloza timizere takuda tosindikizidwa kumbuyo kwake ndi kamakina kooneka ngati mfuti yoseweretsa ana. Kamakinako kanati, "Tii!" Pomwepo dzina la katunduyo linaoneka pa galasi.

"Kadziwa bwanji?" inafunsa Mfumu.

"Kawerenga timizereti, bambo," anayankha wogulitsayo. "Katundu aliyense ali ndi timizere take. Ndi nambala, koma yolembedwa moti makina aziwerenga. Maiko onse anagwirizana kalembedwe kamodzi, kuti chitini ichi chikapita kulikonse chizikadziwika kuti ndi chomwechi."

Mfumu inamva chiganizo choyamba chokha, monga mwa chizolowezi chake, kenako inayamba kuganiza za ulemerero wa dziko lake. Mawu oti "bambo" inawakhululukira.

Itabwerera kwawo inaitanitsa Bwalo la Nduna. Nduna zinalipo makumi atatu ndi ziwiri, koma yofunika kuidziwa ndi Bwana Mwatero, Nduna ya Zamalonda ndi Zoombera M'manja. Anaitananso a Lufeyo Kanyumbu, osindikiza mapepala a boma, bambo ofatsa a zala zakuda ndi inki. Iwo anakhala pa benchi ya kukhomo, chipewa chili pa bondo.

"Anthu a ku Kwaeni ali ndi katundu wolira," inatero Mfumu. "Ife tili ndi chiyani?"

"Tili ndi Inu, Mwinidziko," anayankha Bwana Mwatero.

"Zoona. Koma ine sindingakwane m'mashelefu onse. Kanyumbu, timizere timeneti amatipeza kuti?"

A Lufeyo anaimirira. "Mwinidziko, pali bungwe limene amalonda a maiko onse amalembetsako. Munthu amalemba kalata, amadikira, kenako amamupatsa nambala yakeyake, yoti wina aliyense alibe."

"Amadikira?"

"Pang'ono, Mwinidziko. Pamakhala anthu ena patsogolo."

Nduna ya Zaumoyo inagwira pamtima. Chikhalire ufumuwu panali pasanamveke zoti patsogolo pa Mfumu pangakhale munthu, kupatula wonyamula mbendera.

Mfumu inapisa m'thumba, n'kutulutsa kachitini kaja. "Timizere ndili nato kale. Ndinagula ndekha, ndi tanga. Ukopere timeneti. Dziko limodzi, Mfumu imodzi, timizere timodzi!"

"Koma Mwinidziko," anatero a Lufeyo, "timizere timeneto timanena kuti…"

Bwana Mwatero anali atayamba kale kuomba m'manja. Nduna zinzawo zinatsatira, ndipo mawu otsala a osindikizawo anamira m'phokosomo. A Lufeyo anakhala pansi, n'kubwezera chipewa pa bondo.

Lamulo linatuluka Lolemba. Chinthu chilichonse chogulitsidwa m'dziko, kapena chotuluka kunja, chiyenera kumatidwa kapepala ka Timizere ta Ufumu. Ngati chinthucho chili kale ndi timizere tachilendo, ta Ufumu tizimatidwa pamwamba pake, chifukwa pansi si malo a Mfumu. Womatula kapepalako wanyoza Mwinidziko. Anasindikizanso nsalu ya timizere, ndipo pa mwambo wokhazikitsa lamuloli amayi ovina anadzaza bwalo la masewero moti wodutsa patali akanaganiza kuti boma layamba kuweta mbidzi.

Zoti m'dziko lonse munalibe kamakina kolira ngakhale kamodzi zinakumbukiridwa mwambo utatha. Bwana Mwatero sanatekeseke. Analemba ntchito anthu otchedwa Alizi, mmodzi pa msika uliwonse. Mlizi ankapatsidwa kandodo kopakidwa utoto wofiira kunsonga. Munthu akagula chinthu, Mlizi ankabwera, n'kuloza timizere ndi kandodoko, n'kunena ndi pakamwa pake kuti, "Tii!" Popanda zimenezo malonda sanachitike.

Ku msika wa Tsitsaniko Mlizi anali a Dafuleni, amene kale ankaimba besi m'kwaya. "Tii" wawo ankatuluka ngati ng'ombe yoitana mwana.

"A Dafuleni, kuno! Dzira limodzi!"

"A Dafuleni, anyezi akufota, kasitomala akuthawa!"

"Tadikirani, ndili ndi khosi limodzi!"

Wogulitsa mbuzi anagwidwa chifukwa mbuzi yake inalibe timizere. Iye anafotokoza kuti anaimata m'mawa, koma mbuziyo inatembenuka n'kudya kapepalako.

"Ndiye kuti timizere tili m'kati," anaweruza mayi wa tomato. "Lozani pamimba, a Dafuleni, anthufe tili ndi zochita."

A Dafuleni analoza pamimba pa mbuzi. Mbuzi inalira yokha iwo asanatsegule pakamwa, ndipo msika wonse unavomereza kuti zatheka. Pofika masana mawu awo anali atasasa, malonda onse n'kuima. Mayi wa tomato yemwe uja, amene anawalalatira m'mawa wonse, anawakhazika pamthunzi wa benchi yake, anawasendera nzimbe, n'kuwauza kuti asayankhule mpaka atamaliza mfundo ziwiri.

Tsopano tifike ku chiponde.

M'mudzi wa Dikirani munali gulu la amayi khumi ndi awiri lotchedwa Tiyesenso. Ankakazinga mtedza, kuupukusa, kuupera, n'kuika chiponde m'mabotolo. Tcheya wawo anali Mai Esinala Chimtengo, munthu wosachuluka mawu, amene ankatsegula msonkhano uliwonse ndi pemphero lalifupi moti ochedwa ankapeza "Ameni" atadutsa kale. Wachiwiri wawo anali Mai Filesi, amene ankayankhula mawu onse amene a tcheya ankasunga.

Kwa zaka ziwiri amayiwa anayesetsa kuti chiponde chawo chilowe m'masitolo a kampani ina yaikulu ya ku Kwaeni. Eni kampani analawa, anachikonda, koma anati popanda timizere tovomerezeka katundu salowa m'depoti mwawo, m'nyumba yosungiramo katundu. Amayiwo analemba kalata ku bungwe lija, anadikira miyezi isanu ndi iwiri osadwala nako kudikirako, ndipo analandira nambala yawoyawo. Anasindikizitsa timizere tawo pa mapepala a mabotolo. Kampani inawapatsa theka la shelefu m'sitolo iliyonse, koma inanenetsa chinthu chimodzi: katundu afike pa depoti ya kutsidya kwa mlatho wa Pitanibwino pasanakwane folo koloko Lachisanu, pamene lole yogawa katundu imanyamuka. Akachedwa, malowo apatsidwa kwa ena, chifukwa ofuna theka la shelefu analipo ambiri.

Lamulo la Mfumu linawapeza atatseka kale makatoni makumi awiri ndi asanu.

Lachiwiri anapita nawo ku Ndanenakale, ku ofesi ya a Lufeyo, chifukwa popanda timizere ta Ufumu lole sikanaloledwa kudutsa ngakhale chipata choyamba cha apolisi. Pakhomo la ofesiyo panali amuna awiri a Bwana Mwatero, oyang'anira kuti lamulo likutsatidwa mosangalala.

Mai Esinala anaika botolo limodzi pa tebulo. "Bambo Kanyumbu, mukamata apa, pamwamba pa tathuti, makina a ku Kwaeni akawerenga chiyani?"

A Lufeyo anayang'ana kukhomo, kenako anayang'ana botolo. "Akawerenga zimene zalembedwa, mayi."

"Nanga zalembedwa chiyani?" anafunsa Mai Filesi.

"Ine ndimangosindikiza."

Amuna awiri aja anafuna kusonyeza changu. Aliyense anakoka katoni yake, n'kuyamba kupaka guluu ngati akuzira nyumba. Atamaliza makatoni awiriwo anatuluka thukuta, ndipo anakumbukira kuti ali ndi msonkhano wofunika kumene kumagulitsidwa kanyenya.

"Otsalawa asiyeni," anatero a Lufeyo. "Ndimata ndekha. Inu kapumeni pakhonde, mwachokera kutali."

Lachitatu m'mawa lole yawo inafika pa mlatho wa Pitanibwino. Mbali ya kuno kunali asilikali a Tokhatokha. Kutsidya, mlatho ukangotha, kunali chipata cha depoti, ndipo pachipatapo panali kalaliki dzina lake Jafali, ali ndi kamakina kaja m'manja. Anatulutsa botolo limodzi, n'kuloza.

"Tii!"

Jafali anayang'ana pa galasi, anayang'ana botolo, anayang'ananso pa galasi. "Amayi, apa akuti polishi wa nsapato, wakuda, kachitini kakang'ono."

"Achimwene," anatero Mai Filesi, "tatsegulani mulawe. Polishi wa kwanu kuno amanunkhira mtedza?"

Jafali anatsegula, anapisa chala, analawa. Anapisanso kachiwiri kuti atsimikize. "Chiponde chabwino ichi."

"Ndiye lembani choncho."

"Ine ndalawa, mayi, koma depoti silawa. M'katimu muli katundu wa mitundu zikwizikwi, ndipo palibe amene amatsegula katoni kuti anunkhize. Timizere ndi timene timauza onyamula kuti ichi chipite lole iti, sitolo iti, shelefu iti. Ndikachilowetsa chonchi, chiponde chanu chikakhala pakati pa maburashi ndi zingwe za nsapato. Chikatha, makina akaitanitsa polishi wina kwa eni polishi. Inu simudzamva kanthu."

"Timizere tathu tili pansi pa kapepalako," anatero Mai Esinala. "Tikangomatula…"

"Ndani akunena zomatula?" Anali Sajeni Chikakwiya, mkulu wa asilikali a pa mlatho, amene anali atawatsatira mwakachetechete. "Mayi, chikhadabo chanu chikangokhudza kapepalako, mwanyoza Mwinidziko. Ine sindifuna kumanga munthu wa msinkhu wa mayi anga."

"Ndiye tichite chiyani, mwanangu?"

Sajeniyo anakanda kumutu pansi pa chisoti. "Zimenezo sanatiuze."

Lole inabwerera chambuyo n'kuima pakati pa mlatho. Pofika madzulo kumbuyo kwake kunali mzere wa malole ena. Munali mpunga, uchi, tsabola, mphasa, ndi lole imodzi ya nkhumba. Jafali anayesa katundu yense mmodzimmodzi, mwaulemu, ndipo yense anali polishi wa nsapato, wakuda, kachitini kakang'ono. Mwini nkhumba anapempha kuti ayesenso yaikulu kwambiri ija, mwina kamakinako kachita manyazi. Sikanachite.

Dzuwa la pa mlathopo linali loopsa, ndipo chiponde chikatenthedwa mafuta amayandama pamwamba. Jafali anaona Mai Esinala akufunditsa makatoni ndi zitenje zawo. Analowa m'depoti, n'kutuluka ndi lona wakale wofunditsira katundu ndi chigubu cha madzi akumwa, anazisiya pa mzere wa malire, n'kubwerera ku mpando wake. Sajeni Chikakwiya anayang'ana kumbali nthawi yonse imene lonayo ankalowa m'dziko popanda timizere.

Lachinayi Bwalo la Nduna linakumananso.

"Mwinidziko," anayamba Bwana Mwatero, "a ku Kwaeni agwidwa ndi nsanje. Aphunzitsa makina awo chipongwe. Katundu wathu yense akumutcha polishi."

Nduna ya Zankhondo inati nkhondo ndi yotheka, koma asilikali sangagube ndi nsapato zotuwa, ndipo polishi m'dziko muno anasowa chaka chatha. Nduna ya Zamaphunziro inati njira yachidule ndi kulamula kuti kuyambira tsopano mpunga, uchi ndi nkhumba zizitchedwa polishi, mabuku a sukulu asinthidwe, ndipo Tokhatokha akhale dziko loyamba kulima polishi m'munda. Nduna ya Zaulimi inayamba pomwepo kulemba lipoti la zokolola zochuluka. Mfumu inaganizira mfundoyi kwa kanthawi, ndipo inaikana, osati chifukwa inali yolakwika, koma chifukwa inachokera kwa wina.

"Ndipita ndekha," inatero. "Kamakina kameneko kandione maso ndi maso."

Lachisanu linacha. Pa mlatho, amayi a Tiyesenso anayi amene anabwera ndi lole anaima pambali pa tayala, n'kupemphera. Mai Esinala anapempha kuti katundu awoloke, ndipo anawonjezera kuti ngati n'kotheka, pasakhale munthu wovulala nazo. Mai Filesi anati "Ameni" wa mbali yoyamba mokweza kuposa wa mbali yachiwiri.

Mfumu inayembekezeka naini koloko. Inafika hafu pasiti thu, chifukwa m'njira inatsegulira chitsime chimene inali itatsegulira kale chaka chatha. Inatsika m'galimoto itavala mkanjo wautali, ndipo pachifuwa inali ndi baji ya Timizere ta Ufumu, yozunguliridwa ndi golide, yosindikizidwa bwino kwambiri pa kukula kwake kwenikweni. Kumbuyo kunali nduna zonse, amayi ovina ovala nsalu ya mbidzi, ndipo kumapeto kwenikweni a Lufeyo, amene anawatenga kuti pakafunika wolakwa asachite kumufuna patali.

Bwana Mwatero anayamba mawu olandira Mfumu. Anayambira pa kubadwa kwa Sindilakwa Woyamba.

"Akamamaliza awa tidzakhala titadzala mtedza wina," ananong'ona Mai Filesi.

Maso a Mai Esinala anali kutsidya, kumene lole ya kampani inali itatsegula chitseko chakumbuyo, anthu akulongamo makatoni a eni.

Itangodutsa fili koloko Mfumu inayenda mpaka pa mzere wa malire, n'kuitana Jafali. "Iwe ndiwe mwini kamakina kachipongweka?"

"Ndimangokagwira, bwana."

"Kafunse kuti ichi n'chiyani." Inaloza thumba la mpunga.

"Tii!" Polishi.

"Nanga ichi?" Botolo la uchi.

"Tii!" Polishi.

Mfumu inafufuma. Inawerama, nkhope pafupi ndi kamakinako, chala chili m'mwamba. "Tamvera kuno, iwe kachitsulo. Ukudziwa amene ukuyankhula naye?"

Kuwala kofiira kwa kamakinako kunagwera pa baji ya pachifuwa.

"Tii!"

Jafali anayang'ana pa galasi. Anabisa kamakinako kumbuyo.

"Kati chiyani?" inafunsa Mfumu.

"Bwana, nthawi zina kamangolira."

"Werenga!"

Jafali anawerenga motsitsa mawu, koma pa mlathopo panali bata loti ngakhale nkhumba zinamva. "Polishi wa nsapato. Wakuda." Anapuma. "Kachitini kakang'ono."

Palibe anaseka, ndipo ntchito yosasekayo inali yaikulu. Mai Filesi analuma nsonga ya chitenje. Mapewa a Sajeni Chikakwiya ankagwedera ngati munthu wa malungo. Mfumu inatembenukira kwa Bwana Mwatero, koma Bwana Mwatero anali atapeza chinthu chochititsa chidwi kwambiri m'madzi pansi pa mlatho.

Amene ankaidziwa Mfumu anadziwa chotsatira. Chipata chitsekedwa, mwina mwezi, mwina chaka, kufikira manyazi atapola. Ndipo inayambadi: "Kuyambira lero, mlatho uno…"

Panamveka kuomba m'manja kwapansipansi, kwa munthu wopempha kuyankhula. Mai Esinala anali atagwada pa simenti yotentha. Iwo anaona chimene ena sanaone chifukwa cholimbana ndi chiseko: dzanja la Mfumu yokalambayo lili pachifuwa, likufuna kubisa baji koma likuopa kuti anthu aona kuti likubisa.

"Ndani ameneyu?" inafunsa Mfumu.

"Ndine wa chiponde, Mwinidziko, wa ku Dikirani." Anayankhula pang'onopang'ono, akusankha mawu oti asakhale bodza. "Kamakina aka sikakudziwani Inu, ndipo sikangakudziweni. Kamadziwa zitini ndi mabotolo basi. Tsono ine ndimaganiza za mabotolowa. Akawoloka, akagwiridwa ndi manja a aliyense. Chiponde chikatha, ena amaikamo palafini, ena amaponya kudzala. Timizere ta Mwinidziko tikapezeke kudzala la eni? Bwanji timeneti titsale kwathu kuno. Ife tipite ndi tathu ta anthu wamba, tili pansipa. Timeneto ngakhale atatitaya, palibe wodandaula."

Dzanja la Mfumu lija linachoka pachifuwa. Kutsidya, woyendetsa lole ya kampani analiza injini kuti itenthe.

"Zimenezi," inatero Mfumu pomaliza, "ndinazinena kale mumtima mwanga Lolemba."

"Tinazimva, Mwinidziko!" anafuula Bwana Mwatero, atabwerako kumadzi kuja.

Lamulo latsopano linaperekedwa pomwepo. Timizere ta Ufumu ndi topatulika, ndipo alendo sayenera kutiona. Aliyense wopezeka akutitulutsa kunja kwa dziko wanyoza Mwinidziko. Nduna zinaomba m'manja. Sajeni Chikakwiya anapukuta misozi, anakonza chisoti, n'kuyenda mwachisilikali mpaka pa lole ya amayi aja.

"Mayi, katundu uyu ali ndi timizere ta Ufumu. Matulani msanga, ndisanakumangeni."

"Zikomo, mwanangu."

Nthawi inali itatsala mphindi makumi anayi, mabotolo mazana asanu ndi limodzi, amayi anayi. Mai Filesi anawerenga zala zake n'kupeza kuti sizikwana.

Woyamba kubwera anali dalaivala wa mpunga. "Wanga sathawa, ndimatula mawa," anatero, n'kutsitsa katoni. Anabwera wa uchi, wa tsabola, wa mphasa. Mwini nkhumba anayamba wasamba m'manja popanda womuuza. Amayi ovina anamanga nsalu zawo m'chiuno n'kukhala pansi mwandondomeko, botolo likuyenda kuchoka dzanja ili kupita dzanja ilo. Asilikali anatsamiritsa mfuti ku chitsulo cha mlatho. Ngakhale Nduna ya Zaulimi inamatula mabotolo atatu, ndipo pambuyo pake inalemba kuti inatsogolera ntchitoyo.

"Atcheya, taonani!" anaitana Mai Filesi. "Timapepalati tikungochoka tokha!"

Zinalidi choncho. Kapepala kalikonse kanali ndi kadontho ka guluu pa ngodya ziwiri zokha, pakati popanda kanthu. Chala chikangolowa, kankadumpha, timizere ta pansi tili bwinobwino. Mai Esinala anakweza maso kufunafuna a Lufeyo. Anawapeza kumapeto kwa gulu, akuyang'anitsitsa nsapato zawo ngati azigula kumene.

Makatoni awiri a amuna achangu aja ndiwo anakanika. Guluu anagwira ngati simenti, ndipo pomatula pepala lonse linkang'ambika limodzi ndi timizere ta pansi.

"Amenewo asiyeni," anatero Mai Esinala. "Anthu onsewa sanadye. Wina akagule chinangwa chophika kuseri uko."

Kutatsala mphindi khumi, ananyamula katoni yoyamba kuwoloka nayo mzere wa malire. Jafali anatulutsa botolo, analipukuta ndi malaya ake, analoza. Pa mlatho ponse panalibe wopuma.

"Tii!"

Jafali anamwetulira asanawerenge. "Chiponde cha Tiyesenso. Dikirani. Botolo lalikulu."

"Mwati bwanji?" anafunsa Mai Filesi.

"Mwamva, mayi."

"Khutu ili limavuta. Tabwerezani, achimwene."

"Chiponde cha Tiyesenso. Dikirani. Botolo lalikulu. Amayi, makatoni alipo makumi awiri ndi atatu, mumva mpaka mutope. Thamangani nawo!"

Anathamanga nawo. Madalaivala, asilikali ndi ovina anapanga mzere kuchokera pa lole mpaka pa chipata, ndipo katoni iliyonse ikalira, amayi ovina ankayankha ndi nthungululu. Mfumu, imene inali itakhala kale m'galimoto, inamva nthungululuzo, n'kutulutsa dzanja pawindo kuwabayibitsa anthu ake. Katoni yomaliza inalowa woyendetsa ataponda kale giya. Chitseko chinatsekedwa, lole inatuluka pa chipata cha kuseri, n'kulowa mumsewu wa ku Kwaeni.

Mai Esinala anakhala pansi, msana atatsamira chitsulo cha mlatho. Zikhadabo zinali zitathetheka, maondo akuwawa ndi simenti ija. Anatseka maso, milomo ikuyenda pang'ono. Mai Filesi anatsegula pakamwa, anawaona, n'kutsekanso. Anadikira mpaka a tcheya atatsegula maso, kenako anawapatsa chinangwa chopaka chiponde.

"Atcheya," anatero, "akachimaliza chimenechi ayitanitsa china. Mtedza tikazinga liti?"

"Lolemba, asisi," anayankha Mai Esinala. "Tadyani kaye."